Makasu Atatu a Amalume

Ndikukumbukira tsiku limene achimwene anga, a Armando, anatsika m'kamiyau, lole yonyamula katundu, pa msika wa ku Domwe. Inali nyengo yozizira, chimanga chitauma m'minda, mphepo ikuuluza fumbi lofiira ndi makoko a nzimbe. Amayi anali atavala kapulana, chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo chiyambire m'mawa ankangoimirira n'kukhalanso galimoto iliyonse ikamveka. Mnyamata wamtali, woonda, atatsika ndi kachikwama kabuluu, akutsimphina pang'ono mwendo wamanzere, amayi anathamanga. Atatsala pang'ono kumufika anaima, chifukwa iye anali atatambasula kale dzanja ngati akupereka moni kwa aphunzitsi. Anati m'Chipwitikizi, ngati kwa mayi wachilendo, "Boa tarde, senhora." Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinaseka poyesa nthabwala. Amayi sanaseke. Anagwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri osalisiya, mpaka woyendetsa kamiyau anatikalipira kuti tichoke pamsewu.

Nkhani yake inali yotere. Achimwenewo ali aang'ono anagwa mu mtengo wa mapichesi n'kuthyoka mwendo moipa, fupa kuonekera. Bambo athu aang'ono, amene ankaphikira mainjiniya a ku damu ku Songo, anali atabwera kudzacheza, ndiye anawatenga kupita nawo kuchipatala chachikulu ku Tete. Mwendo usanapole, nkhondo inafika kwathu. Msewu unatsekeka, midzi inapsa, ndipo ife tinawolokera ku Malawi ine ndili kumsana. Tinakhala zaka zambiri cha ku Dedza. Bambo anamwalira komweko ndi chifuwa. Ine ndinakula ndikudziwa kuti ndili ndi mchimwene monga momwe munthu amadziwira kuti kuli Maputo, pongomva. Nkhondo itatha tinabwerera, tinazula tsekera amene anamera pabwinja pathu, tinamanganso, ndipo amayi anatumiza mawu ku Songo kuti mwana abwere.

Mwanayo anabwera, koma anakhala ngati mlendo amene akudikira mvula kuti ikate. Kwa bambo aang'ono ankalankhula Chipwitikizi ndi Chinyungwe cha akazi awo, mayi a pakhomopo. Chichewa ankachimva pang'ono, koma akatsegula pakamwa ana a m'mudzi ankagwa ndi phwete, ndiye anangotseka. Ine nanenso Chipwitikizi ndinali nditangoyamba kumene kuchiphunzira ku shikola, ndipo ndinkachitafuna ngati chimanga chokazinga chosapsa. Khasu sankadziwa kuligwira. Chisanu cha kwathu, chimene chimayeretsa udzu m'madambo m'mawa, chinkawang'amba milomo, munthu wozolowera kutentha kwa ku Zambezi. Amayi ankawaphikira chilichonse chimene ankakumbukira kuti ankachikonda ali mwana, futali wa mbatata, nyemba zothira tomato wambiri, koma iwo ankadya mwaulemu, n'kuthokoza m'Chipwitikizi, n'kupita kukakhala pansi pa mitengo ya bulugama kuseri kwa nyumba. Mawu akuti amayi sanatuluke m'kamwa mwawo ngakhale kamodzi.

Pansi pa bulugama pamenepo ndi pamene ndinawapeza tsiku lina atayala makadi pa kapulana yakale, milu inayi, akusewera okha mbali zonse. Ndinaima poteropo mpaka anandikodola. Anandiuza ndi manja, ndi mawu oduladula, kuti masewerawo amatchedwa biriji, kuti mainjiniya ndi akazi awo ankasewera madzulo aliwonse, ndipo mayi wina wokalamba wa kumeneko anawaphunzitsa pamene ankasowa munthu wachinayi. Nkhope yawo pofotokoza inali ina, yamoyo, imene sindinaionepo. Vuto linali lakuti masewerawo amafuna anthu anayi.

Amayi atamva anakana. Kwa iwo makadi onse anali njuga, ndipo njuga inali khomo la Satana. Amene anawagonjetsa ndi mlongo wawo, amalume a Kandido, munthu wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu, amene ankagula kachewere m'midzi n'kukagulitsa ku malire ku Kalomwe. Anati, "Achemwali, mwana wapeza chimene chimamutsegula pakamwa, inu mufuna mutsekenso? Pasakhale ndalama, pasakhale mowa, tizisewera pakhonde panu pomwe pano inu mukuona." Amayi anayang'ana ku bulugama kuja nthawi yaitali, kenako anati Lamulungu lokha, tikachoka ku tchalitchi. Wachinayi anakhala akazi awo a amalume, aNangozo, mayi wofatsa amene sankalankhulalankhula koma sankaiwala khadi limene ladutsa.

Masewerawo ndi a anthu awiriawiri, mnzako amakhala moyang'anizana nawe. Ine ndinali ndi achimwene, amalume ndi akazi awo. Aliyense amalandira makadi khumi ndi atatu. Musanaponye ngakhale limodzi, mumayamba mwaitanira ngati pa msika wa ng'ombe: aliyense amanena milu imene iye ndi mnzake angatole, ndi mtundu wa makadi umene akufuna kuti ulamulire. Mulu ndi makadi anayi, limodzi kuchokera kwa aliyense. Ukati mtima umodzi walonjeza milu isanu ndi iwiri, pakuti isanu ndi umodzi yoyambirira siitchulidwa. Ukati mitima inayi walonjeza khumi. Wotsatira ayenera kukwera pamwamba pako, apo ayi anene kuti paso, ndiko kuti sakwera. Kukoma kwake n'kwakuti poitanirapo ndi pamene umauza mnzako zimene wagwira popanda kumuonetsa, pang'onopang'ono, ngati anthu awiri amene akuwoloka mtsinje akufufuza miyala ndi mapazi. Mitundu inayi ija achimwene ankaitchula m'Chipwitikizi, koma ife tinaibatiza: makasu, mitima, njerwa ndi mapazi a nkhuku. Tinkayala mphasa pakhonde, ndipo popeza mphepo ya kwathu siipempha chilolezo, mulu uliwonse tinkaupsinja ndi kachewere.

Masabata oyamba zinkayenda bwino, mpaka achimwene anadzikumbira okha dzenje. Anaphunzitsa amalume chimene ankachitcha baraje, mawu omwewo otchulira damu lotseka madzi. Ukakhala ndi makadi asanu ndi awiri a mtundu umodzi, koma kwina konse uli wosauka, suyamba ndi umodzi ayi, umalumphira pa atatu. Sikuti uli ndi mphamvu, koma ukufuna kuwatsekera njira anzakowo kuti asapeze malo ouzana zimene agwira. Amalume anamvetsera maso ali gwa, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati imeneyi ndiyo ntchito imene amagwira tsiku lililonse ku Kalomwe, kutchula mtengo mokweza ena asanatsegule pakamwa. Kuyambira pamenepo panalibenso mtendere. Akhale ndi makasu asanu ndi awiri, akhale ndi asanu ndi limodzi, mwina asanu okha, tinkangomva, "Makasu atatu!" mokuwa, nkhuku n'kubalalika pabwalo. ANangozo ankangopukusa mutu.

Lamulungu lina amalume anakuwanso makasu awo atatu. Achimwene, amene ankatsatira, anayang'ana makadi awo n'kunena kuti, "Dobulo." Mawu amenewa ndinkawadziwa mbali imodzi yokha: kuti wina akalonjeza zimene sangathe, umati dobulo, ndipo akagwa amalipira kawiri, koma akakwanitsa amapindulanso kawiri. ANangozo anati paso. Ine m'manja mwanga munalibe kanthu, timakadi ting'onoting'ono tokhatokha. Ndinaganiza kuti achimwene awagwira amalume pakhosi, ndiye ine ndilowererepo chiyani? Ndinati paso, mtima uli m'malo. Ndinaona khutu la achimwene likufiira. Amalume anatola milu yawo isanu ndi inayi mosavuta, akuimba nyimbo ya ngoma ya kwathu ndi kugwedeza mapewa, ndipo pomaliza anaimirira n'kuvina pang'ono pabwalo, fumbi kobo.

Achimwene anaponya makadi pamphasa. Anandilankhula mawu ambiri m'Chipwitikizi, mofulumira, ndipo ndinatolapo amodzi okha, akuti ndekha. Kenako anadzuka n'kupita ku bulugama. Ine ndinalira, osati chifukwa cha kukalipiridwa, koma chifukwa sindinkadziwa chimene ndalakwa. M'kati mwa sabata imeneyo amalume anabwera nkhope ili yogwa, n'kuuza amayi kuti mnyamata walankhula ndi woyendetsa kamiyau ya kachewere, ndipo wagwirizana naye kuti amutenge tsiku la msika likudzalo, abwerere ku Songo. Amayi anali akupeta nyemba. Anangoti, "Ndamva," n'kupitiriza kupeta, koma ankapeta nyemba zopeta kale.

Loweruka amayi anatituma awiri kukakumba kachewere kudimba, kumunsi kwa mudzi kumene kamtsinje kamadutsa m'mabango. Ndikuganiza kuti anachitira dala. Dothi la kumeneko ndi lakuda, lozizira, lonunkhira ngati mvula yoyamba. Achimwene anayamba kukumba, koma khasu lililonse linkadula kachewere pakati, mpaka ndinawalanda. Anakhala pa mzere n'kumandiyang'ana. Patapita nthawi anatola kachewere amene ndinafukula, n'kumuika m'magulu anayi pansi: gulu limodzi la mmodzi yekha, magulu atatu a anayianayi. Analoza kamodzi kaja n'kuti awa ndi makasu. Analoza enawo n'kuti mitima, njerwa, mapazi a nkhuku. Anati umu ndi mmene munalili m'manja mwawo tsiku lija: mphamvu zambiri, koma khasu limodzi lokha.

Pamenepo ndi pamene ndinamva Chichewa chawo chambiri koyamba, chopindika, chosakaniza, koma chomveka. "Amalume akatseka njira, ine ndikati dobulo, sindikunena kuti ndawagwira. Ndikuitana iwe. Ndikuti, ndili ndi mitundu itatu iyi, sankha umene uli nawo wambiri."

Ndinafunsa kuti nanga ngati ndilibe kanthu.

"Uyankhebe."

"Nanga tikagwa?"

"Tigwa awiri. Si kanthu."

Ndinasiya khasu n'kukhala pansi. Tinakhala pamenepo dzuwa mpaka kufika pamutu, tikusuntha kachewere uku ndi uku, tikumanga pangano lathu. Tinagwirizana kuti ndingakhale chete pokhapokha nditagwira makasu ambiri aakulu ine mwini, oti amalume akhumudwepo. Tinagwirizana kuti iwo akatchula mtundu wawo pamwamba pa makasu atatu, ndiye kuti ndi wautali ndi wolimba, ndisachite mantha. Akati atatu opanda mtundu wolamulira, ndiye kuti ali ndi khasu lalikulu lotsekera amalume, ndiwasiye asewere. Kenako ine ndinafunsa langa: nanga iwo akati paso, aNangozo paso, ine n'kukhala kuti ndili ndi makadi abwino koma makasu ochepa? Anandiyang'ana modabwa, ngati mbuzi yalankhula. Anati pamenepo ndiye iweyo uitane, ine ndiyankha. Ndinamva kukula tsiku limenelo.

Ndinawauzanso nzeru imene ndinaiona kwa anyamata osewera makadi a suweka kumsika, kuti bwanji ndizikanda khutu ndikakhala wosauka, kapena kutsinzina diso limodzi. Anakana mwamphamvu. Anati m'masewera awa pangano silibisidwa. Chimene mwagwirizana, adani anu ali ndi ufulu wochidziwa, ndipo chilichonse chimanenedwa ndi pakamwa, onse akumva. Pobwerera, dengu lili pamutu panga, thumba lili paphewa pawo, ndinalimba mtima n'kufunsa ngati akupitadi. Anayenda pang'ono, mwendo uja ukukoka m'fumbi. Kenako anati ku Songo mayi a pakhomo paja ankawakumbutsa kawirikawiri kuti iwo ndi mwana amene amake anathawa n'kumusiya, koma kumeneko ankadziwako njira zonse. Kuno sankadziwa ngakhale pamene pali manda a bambo awo. Inenso sindinkadziwa chimene chinachitika. Ndinali kumsana.

Lamulungu kunacha ndi nkhungu, ndipo ngakhale masana dzuwa linali lofooka ngati la munthu wodwala. Tinayala mphasa, tonse titafunda. Amayi anakhala kumapeto kwa khonde ndi lichero lawo, akusankha nyemba, msana atatipatsa pang'ono monga ankachitira nthawi zonse, kuti Mulungu aone kuti iwo sali nawo m'zamakadi. Tisanagawe, achimwene anakweza dzanja n'kuti pali chimene amalume ndi aNangozo ayenera kudziwa. Akanatha kunena m'Chipwitikizi, chimene amalume ankachidziwa bwino, koma ananena m'Chichewa, pang'onopang'ono, akusankha mawu.

"Ine ndi mlongo wanga Mena tapangana. Inu mukatseka njira, ine ndikaitana, iye sandisiya ndekha. Ayankha, ngakhale alibe kanthu."

Amalume anaseka n'kuti pangano la ana ndi mpanda wa mapesi. Koma ine ndinali nditakhala moyang'ana kumene kunali amayi, ndipo ndinaona manja awo ataima m'lichero. Nyemba zimene anali atatola zinakhala m'dzanja osaponyedwa.

Tinasewera maulendo angapo popanda chachilendo. Kenako amalume anatambasula makadi awo, maso n'kuwala, mimba n'kugwedezeka. "Makasu atatu!" Achimwene sanachedwe: "Dobulo." ANangozo anati paso, n'kundiyang'ana mwachisoni. Ndinayang'ana m'manja mwanga. Munali dona, mfumukazi ya mapazi a nkhuku, makasu atatu ang'onoang'ono, ndi timitima tinayi tosaoneka bwino. Kuti nditchule mitima ndinayenera kukwera pa inayi, kulonjeza milu khumi, ine amene ndinali ndisanatolepo isanu ndi itatu ndekha. Zala zinali zitachita dzanzi ndi kuzizira. Achimwene sankandiyang'ana n'komwe, ankayang'ana mphasa, monga malamulo amafunira. Ndinanena ndi mawu a mwanapiye, "Mitima inayi."

Onse anati paso. Popeza ndine ndinayamba kutchula mitima, woseweretsa ndinali ine. Amalume anaponya mfumu ya makasu, ndipo achimwene anayala makadi awo onse pamphasa kuti aliyense aone, pakuti mnzake wa woseweretsa amatero, ndipo saloledwa kulankhula mpaka mapeto. Zinali monga kachewere wa kudimba uja: asi wa makasu, khadi loposa onse, ali yekha, mitima inayi yokhala ndi asi ndi mfumu, njerwa zonona. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinatola mulu woyamba, ndipo chimwemwe chinandipusitsa. M'malo moyamba ndakoka mitima imene inali m'manja mwa adani, monga anandiphunzitsira kambirimbiri, ndinathamangira njerwa zokongola zija. Ndinamva achimwene akupumira m'mwamba. Analuma mlomo, anagwira bondo, koma sanatulutse liwu. Pa njerwa yachiwiri amalume, amene analibenso njerwa, anagwetsa kamtima kakang'ono n'kutola mulu umene unali wanga. Pomaliza ndinali ndi milu isanu ndi inayi. Unatsala umodzi.

Ndinaweramitsa mutu kudikira mkuntho. M'malo mwake achimwene anasonkhanitsa makadi onse, n'kuwayala monga analili poyamba, n'kundionetsa kuti ndikanakhala chete, makasu atatu a amalume akanadutsanso, ndipo tikanalipira zambiri. Kugwa ndi mulu umodzi kunali kutchipa. Anati, "Wasewera moipa, koma wayankha bwino." Kenako anaseka. Kanali koyamba kumva kuseka kwawo, ndipo kunali kwa bambo, kolowera m'mphuno. Ine sindikanadziwa, koma aNangozo anagwira pakamwa n'kutchula dzina la malemuwo.

Amayi anaika lichero pansi. Anabwera n'kukhala m'mphepete mwa mphasa imene anali asanaipondepo chiyambire masewera athu. Anauza amalume kuti azimasulira m'Chipwitikizi, kuti mwana asaphonye liwu ngakhale limodzi. Ndiye anayamba kulankhula, maso ali pa makadi. Anati tsiku limene mudzi unapsa, iwo anakana kuwoloka malire, bambo anachita kuwakoka. Titafika ku Malawi anandisiya ine m'manja mwa aNangozo nditangoleka kumene kuyamwa, n'kubwerera wapansi ndi mlongo wawo kulowera ku Ulongwe, kuti akapeze galimoto ya ku Tete. Anayenda m'tchire, akugona m'mapanga. Pafupi ndi msewu waukulu anapeza magalimoto atapsa, anthu ali momwemo. Anafuna kupitirirabe. Pambuyo pake, zaka zonse zija, ankapita ku Kalomwe kukafunsa aliyense wochokera kumunsi ngati anaona mwana wotsimphina. Mawu ankawatumiza, koma sanadziwe ngati ankafika.

Amalume ankamasulira ndi mawu aang'ono amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Atafika pa magalimoto opsa aja anasiya kumasulira n'kulankhula zawo. Anati amayi ako sanabwerere okha, ndinawanyamula ine paphewa akundimenya ndi kundiluma. Anakweza malaya n'kuonetsa chipsera cha mano pamsana. Anati ngati ukufuna munthu womukwiyira, ndi ine, chifukwa ndinaona kuti tikapitirira ukhala wopanda mayi mpaka kale. Achimwene anafunsa chifukwa chake sanauzidwe zimenezi tsiku limene anafika. Amayi anati, "Ndinkachita manyazi, mwanawe. Mayi amene wabwerera chimanjamanja anena chiyani? Ndinkati undifunsa, iwe n'kumati ndikuuza."

Palibe amene anakumbatira mnzake. Kwathu sitinali anthu otero. Achimwene anakhala nthawi yaitali akusanja makadi amene anali osanjika kale. Mphepo inagwetsa kachewere mmodzi pakhonde n'kugubuduzikira pabwalo, nkhuku n'kumuthamangira. Kenako anafunsa ngati kumanda a bambo n'kutali. Amayi anati munthu atalawira amafika dzuwa lisanapendeke. Iwo anati, "Mudzandiperekeze, amayi." Amayi anadzuka mofulumira n'kulowa m'nyumba, akuti akukaona moto, ngakhale moto unali panja.

Tsiku la msika kamiyau inanyamuka ndi kachewere wake yekha. Sabata yotsatira amayi ndi achimwene anawoloka malire awiriwiri, n'kukagona komweko. Zimene anakambirana m'njira sindinazimve, ndipo sindinafunse. Achimwene anakhala nafe zaka zingapo. Khasu sanalizolowere mpaka kale, koma anaphunzira kuseka nawo ana akamaseka Chichewa chawo. Anakalowa shikola yaikulu ku Ulongwe, ndipo pambuyo pake anapita ku Tete kukaphunzira za magetsi, ulendo uno atatsanzika bwino, atanyamula thumba la nyemba ndi nkhuku yomanga miyendo. Biriji tinaisewera Lamulungu lililonse nthawi yonse imene anali pakhomo. Pangano lathu linkakula chaka ndi chaka, moti amalume anayamba kudandaula kuti kulimvetsera kokha kumatenga nthawi kuposa ulaliki. Baraje sanaisiye, koma anayamba kuwerenga makasu awo asanakuwe. Tsiku lina aNangozo atadwala mutu, amayi anakhala pamalo pawo, akuti angogwirizira. Zinaoneka kuti chaka chonse chimene anatipatsa msana ankamvetsera, ndipo ankadziwa zonse. Kwa abusa anakanena kuti si njuga, ndi masamu.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndimaphunzitsa ku shikola ya pulayimale kufupi ndi kwathu komweko. Amalume anatisiya, aNangozo anawatsatira. Msewu wa ku Tete ndi wa phula, shapa, minibasi ya kuno, imanyamuka m'mawa n'kukafika tsiku lomwelo, ndipo ana anga sakhulupirira kuti munthu angasowe zaka zonse zija ali m'chigawo chimodzi ndi amake. Iwo mnzawo akachedwa kuyankha foni pang'ono pokha amayamba kudandaula. Ndimakondwa kuti sadzadziwa kudikira kwa mtundu umenewo. Koma ndayesapo kuwakhazika anayi pamphasa kuti ndiwaphunzitse, ndipo sitinafike n'komwe pa kuitanira: wina foni yalira, wina akuti mpira wayamba. Masana aatali a Lamulungu, opanda kopita, amene ankakakamiza anthu kuyang'anizana mpaka wina alankhule, anapita ndi nthawi yake. Achimwene akuti amasewerabe pa foni ndi anthu a kumayiko ena amene sanawaonepo nkhope, ndipo pangano lake amangosankha pa mndandanda wokonzakonza. Akuti n'zosavuta, koma sizikoma.

Achimwene amaimba foni Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi. Timakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za mwendo wawo umene umapweteka kukazizira. Amayi tsopano ndi okalamba, maso achita khungu, makadi sawaonanso. Akamva kuti ndi Armando amatambasula dzanja, ndipo ndikawapatsa foni amaigwira ndi mphamvu n'kukuwa, poganiza kuti Tete ndi kutali ndiye mawu ayenera kukankhidwa. Safunsa za ntchito, safunsa za adzukulu. Amafunsa ngati wadya, ndipo samandibwezera foni mpaka atamva chimene wadyera.